Injini yanga yasiya kutentha monga kale, amakaniko akuti ndi bwino

Funso: Galimoto yanga ndi ya petulo, yakale ndithu koma imayenda bwino. Kale singano ya geji ya kutentha inkaima pakati ndikangoyenda pang'ono. Miyezi itatu yapitayi injini inawira kamodzi, amakaniko anaikonza. Chichokereni tsiku limenelo singano sifikanso pakati. Ndikathamanga pa msewu wautali imatsika, pa mtsetse imagweratu pansi, koma ndikaima pa mdipiti wa magalimoto imakwerako pang'ono. Hita ikungotulutsa mpweya wofunda, ndipo ndikuona ngati mafuta akutha msanga. Amakaniko akuti ndisade nkhawa, injini yozizira ndiye yabwino. Kodi n'zoona?

Yankho: Bambo, si zoona, ndipo ndikupemphani kuti musayende nayo choncho miyezi ina itatu. Ndikumvetsa kumene maganizo a amakaniko anu akuchokera. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu nthunzi ikufuka m'boneti amaopa kutentha kuposa vuto lina lililonse la galimoto, ndiye akaona singano ili pansi mtima umakhala m'malo. Koma injini anaipanga kuti izigwira ntchito ili yotentha, ndipo kutenthako kuli ndi mulingo wake. Pa magalimoto ambiri madzi ozungulira mu injini amayenera kukhala pakati pa madigiri 85 ndi 105 pa muyezo wa Celsius. Injini yoyenda tsiku lonse pa madigiri 55 kapena 60 sikupumula ayi. Ikuperepeseka mwakachetechete, ndipo ikumwa mafuta oposa amene ikanamwa.

Pa zimene mwafotokozazi ndikukayikira kwambiri thermostat, imene imalamulira madzi opita ku redieta, kaya yakanirira ili yotsegula, kaya mulibemo n'komwe. Koma musathamangire kukagula musanatsimikize. Singano yotsika imatha kutanthauza kuti injini ndi yoziziradi, imathanso kutanthauza kuti injini ili bwinobwino koma geji ikunama. Palinso chachitatu, chosachitika kawirikawiri koma choopsa, ndipo ndiyambira chimenecho.

Mawa m'mawa, musanalize injini, tsegulani boneti muone madzi. Musangoyang'ana kabotolo ka pulasitiki kam'mbali kaja. Ngati redieta yanu ili ndi chitsekerero chakechake, tsegulani muone ngati madzi akufika m'khosi. Kabotolo kamatha kukhala kodzaza redieta ili theka, makamaka chitsekerero chikafooka n'kusiya kukoka madzi kuti abwerere injini ikamazizira. Ndikukakamira pamenepa chifukwa sensa imene imauza geji za kutentha imayeza madzi oikhudza, osati chitsulo. Madzi akachepa mpaka sensa kutsala pouma, imayeza mpweya, singano n'kutsika pamene injini ikupsa. Ndinalandirapo galimoto imene inabwera ikukokedwa ndi chingwe, mwiniwake akulumbira kuti singano inali pansi ulendo wonse. Sankanama munthu uja. Kapayipi kopita ku hita kanang'ambika cha kunsi, madzi anathera mumsewu, singano inakwera kanthawi kochepa maso ake ali kutsogolo, kenako inagwa. Titamasula tinapeza silinda hedi itapindika. Vuto limeneli limabwera mwadzidzidzi, hita imaziziriratu, ndipo m'boneti mumamveka fungo la chitsulo chotentha. Lanu latha miyezi itatu hita ikufundabe, choncho sindikuganiza kuti ndi limeneli, komabe kuona madzi sikutha mphindi ziwiri. Chitsekererocho musachikhudze injini ili yotentha. Madzi amakhala atapanikizika m'katimo, ndipo amatumphuka n'kukusupulani khungu la manja ndi nkhope.

Madzi akakhala okwanira, tibwere kwa thermostat. Ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, kamakhala pamene payipi yaikulu ya redieta imalumikizana ndi injini. M'kati mwake muli kabotolo kachitsulo kodzaza phula, kandodo, sipuling'i ndi kachitseko kozungulira. Injini ikakhala yozizira phula limakhala louma, sipuling'i imagwira kachitseko kuti katsekeke, ndipo madzi amangozungulira m'kati mwa injini ndi mu hita osafika ku redieta. N'chifukwa chake injini yabwino sichedwa kutentha. Madzi akafika pa mulingo wake phula lija limasungunuka n'kufufuma, limakankha kandodo, kachitseko kamatseguka, madzi otentha amapita kukazizira ku redieta. Akazizira mopyola kamabwereranso. Ulendo wonse kamangotero, kutsegula pang'ono, kutseka pang'ono. Nambala ya mulingowo anaidinda pa chitsulo pomwepo. Pa magalimoto ambiri a ku Japan mupeza 82, pa ena 88 kapena kuposa. Nambalayo ndi pamene imayamba kutseguka, ndipo imatsegukiratu pakawonjezeka madigiri ena khumi ndi mphambu zingapo.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti redieta anaikulitsa dala. Anaipanga kuti ikwanitse kuziziritsa injini pa tsiku la dzuwa loswa mtengo, galimoto itasenza katundu, ikukwera phiri. Masiku ena onse mphamvu yake imaposa imene ikufunika, ndipo choiletsa kuziziritsa mopyola ndi thermostat yokha basi. Ikasiya ntchito, kutentha kwa injini kumangotsata mphepo ndi phazi lanu.

Ndiye taonani momwe zizindikiro zanu zikugwirizanira ndi zimenezi. Mukathamanga, mphepo yambiri imawomba pa redieta, madzi onse akudutsamo popanda chowaletsa, singano imatsika. Pa mtsetse mumachotsa phazi pa mafuta, ndipo pa magalimoto oyendetsedwa ndi kompyuta petulo amadulidwiratu kwa kanthawi. Moto mulibe mu injini koma mphepo ikuwombabe, singano imagwera pansi. Mukaima pa mdipiti mphepo palibe, kutentha kumaunjikana, singano imakwerako. Geji yowonongeka sidziwa kuti muli pa mtsetse kapena pa chikweza. Imanama mofanana paliponse, apo ayi imangodumphadumpha popanda dongosolo. Singano yomvera msewu ngati yanuyi nthawi zambiri imakhala ikunena zoona. Hita yofundayo ndi mboni yachiwiri, pakuti hita ilibe moto wakewake, imabwereka kutentha kwa madzi a injini omwewo.

Chikundikayikitsa kwambiri n'chakuti zonsezi zinayamba injini itawira. Afunseni amakaniko anu, mwaulemu koma mosapsatira, kuti tsiku lija anachita chiyani kwenikweni. Pali chizolowezi chofala choti injini ikawira amangochotsa thermostat n'kumanga chivundikiro, ati kuti madzi aziyenda momasuka. Ena amaidula pakati n'kubwezera chimango chokha kuti labala apeze pogwira. Ena amalumikiza fani molunjika kuti izizungulira kiyi akangotembenuzidwa. Ngati sanachotse, kuwira komweko kumatha kuikankha mpaka kukanirira osabwereranso, ndipo ilipo mitundu ina imene anaipanga dala kuti ikatenthedwa mopyola izidzikhoma ili yotsegula, injini ipulumuke. N'kuthekanso kuti anaika yatsopano koma ya nambala yotsika kuposa imene galimoto yanu imafuna.

Njira yoyamba yotsimikizira sifuna chida china koma dzanja lanu. Galimoto igone usiku wonse. M'mawa zimitsani hita ndi AC, lizani injini, tsegulani boneti, gwirani payipi yaikulu ya pamwamba, yochokera ku injini kupita ku redieta, cha kufupi ndi redieta. Samalani zala ndi malaya, malamba akuzungulira ndipo fani ya magetsi imayamba yokha osachenjeza. Pa injini yabwino payipiyo imakhala yozizira kwa mphindi zingapo ndithu, zisanu, khumi, nthawi zina kuposa, pamene chitsulo cha injini chikutentha ndipo singano ikukwera. Ndiyeno singano ikayandikira pakati, payipi imasintha m'kanthawi kochepa. Mumamva kutentha kukubwera pansi pa chikhatho ngati wina watsegula mpopi wa madzi otentha, mpaka mumachotsa dzanja. Pamenepo ndiye kuti thermostat yatseguka. Ikakhala yokanirira kapena mulibe, kusintha kotero simukumva. Payipi imayamba kufunda pakangotha mphindi ziwiri kapena zitatu, imafunda pang'onopang'ono limodzi ndi injini, redieta nayo ikufunda, singano ikadali pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amagwira kamodzi n'kupita kukachita zina, pobwera amapeza zonse zatentha, osatolapo kanthu. Imani pomwepo, muzigwira mphindi iliyonse.

Chenjezo limodzi pa njira imeneyi. Pa injini zambiri, kuphatikizapo zambiri za Toyota, thermostat imakhala ku payipi ya pansi, kumene madzi amalowera mu injini. Zikatero payipi ya pamwamba imatha kufundako ngakhale zonse zili bwino, chifukwa madzi otentha amakwera okha. Muzigwira mapayipi onse awiri ndi redieta yomwe. Ya pansi ndi thupi la redieta ziyenera kukhala zozizira mpaka injini itafika pa mulingo. Ngati redieta ili ndi chitsekerero mukhozanso kuchichotsa injini ili yozizira, n'kuliza, n'kusuzumira m'khosi. Madzi akamaoneka akuthamanga nthawi yomweyo, njira ndi yotsegula. Bwezerani chitsekerero injini isanatenthe.

Njira yachiwiri ndi imene ndimaidalira kwambiri chifukwa imapereka nambala. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD2, imene magalimoto ogulitsidwa ku America akhala nayo kuyambira 1996, a petulo a ku Ulaya kuyambira 2001. Makina a diagnosis amene amakaniko ambiri ali nawo, ngakhale kachida kakang'ono kolumikiza ku foni pa Bluetooth, amaonetsa kutentha kwa madzi monga momwe kompyuta ya galimoto ikukuonera. Magalimoto ena amene anapangidwira msika wa m'dziko la Japan amakana tizida ting'onoting'onoti, amafuna makina aakulu. Mukapita kukayezetsa, musalole kuti angoona ma code, manambala a zovuta amene kompyuta imasunga, n'kunena kuti palibe vuto. Pemphani kuti muone nambala ya kutentha ikusintha injini ikulira.

Poyambira pabwino ndi m'mawa, injini isanalire. Yerekezani kutentha kwa madzi ndi kutentha kwa mpweya wolowa mu injini, komwe kuli ndi sensa yakeyake. Galimoto itagona usiku wonse ziwirizi ziyenera kufanana, zingosiyana madigiri awiri kapena atatu. Zikasiyana ndi 15 kapena 20, sensa imodzi ikunama. Mukaona -40, imeneyo si nyengo, ndi waya woduka kapena pulagi yosalumikizika. Kenako yendani, mnzanu akuyang'ana nambala inu maso ali pa msewu. Injini yabwino imakwera osabwerera m'mbuyo mpaka m'ma 80 kapena m'ma 90, n'kukhazikika, ikungosewera ndi madigiri ochepa. Yanuyo ndikuyembekezera kuti ifika cha m'ma 70 mukamayenda pang'onopang'ono, n'kugwera m'ma 50 pa mtsetse. Code yodziwika pa vuto limeneli ndi P0128, imene imatanthauza kuti kompyuta yadikira nthawi yokwanira koma madzi sanafike pa mulingo wa thermostat. Inzake ndi P0125. Kuyambira P0115 mpaka P0119 ndi za sensa ndi mawaya ake. Nyali ya injini ikapanda kuyaka musati zonse zili bwino, magalimoto ambiri akale salondoloza n'komwe kuti injini yatenga nthawi yaitali bwanji kuti itenthe.

Ndiwonjezere za geji. Pa magalimoto ambiri atsopano anaipanga kuti singano iziima pakati ngakhale kutentha kukusintha ndi madigiri ambiri ndithu, kuti woyendetsa asamangoda nkhawa. Ena alibe geji n'komwe, ali ndi kanyali ka buluu ndi kofiira. Pa galimoto yotere singano ikachita kuoneka kuti yatsika, kapena kanyali ka buluu kakayakanso muli pakati pa ulendo, ndiye kuti injini yazizira kwambiri kale.

Nanga makina akaonetsa 88 singano ili pansi? Pamenepo injini ilibe mlandu. Magalimoto ambiri akale ali ndi masensa awiri, ya waya umodzi yopita ku geji, ndi ya mawaya awiri yopita ku kompyuta. Apa ndinalakwapo ine ndemwe ndikuyamba kumene ntchitoyi. Galimoto inabwera singano ili pansi, ndinasintha thermostat osayeza kanthu, mwiniwake analipira, m'mawa mwake anabweranso singano ili pomwe paja. Nditavula pulagi ya sensa ya geji ndinapeza m'kati muli dzimbiri lobiriwira, kawaya katatsala ndi timinga tiwiri tokha. Thermostat yakale imene ndinataya inali yabwinobwino. Ndinamubwezera ndalama zake munthu uja, ndipo chiyambire tsiku limenelo sindimasula bawuti ndisanayeze.

Sensa yotereyi imagwira ntchito mosavuta kumva. Ikazizira imakaniza magetsi kwambiri, ikatentha imawalola kudutsa. Masensa ambiri a kompyuta amaonetsa ma ohm pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa madigiri 20, ndipo pa madigiri 80 amatsikira cha pa 300. Mukhoza kuyeza ndi multimeter, chida choyezera magetsi, ngakhale nambala zenizeni zimasiyana potengera galimoto. Dzimbiri pa pulagi kapena waya wofooka zimawonjezera kukanizako, ndiye geji kapena kompyuta imaganiza kuti madzi ndi ozizira kuposa momwe alili. Zimathanso kutembenuka, geji n'kumaonetsa bwino koma sensa ya kompyuta ikunena kuti injini ndi yozizira. Galimoto yotere imamwa petulo modetsa nkhawa, imatulutsa utsi wakuda, mapulagi amachita mwaye. Ngati mungabwereke choyezera kutentha cha infrared, chija amangochiloza osakhudza, lozani pa chivundikiro cha thermostat injini itayenda mokwanira. Pewani malo onyezimira chifukwa amachinamiza, sankhani malo akuda kapena opaka penti.

Za fani sindichedwapo. Ikamazungulira injini ili yozizira AC ili yozimitsa, china chake chalakwika: relay, swichi ya magetsi yoyatsa fani, yakanirira, wina anailumikiza molunjika, kapena kompyuta yataya sensa n'kuyatsa fani podziteteza. Pa magalimoto a fani yozungulitsidwa ndi lamba, kilatchi yake ikakanirira mumamva chimkokomo chokwera ndi kutsika limodzi ndi injini. Zonsezi n'zofunika kukonza, koma fani payokha singazizitse injini imene thermostat yake ili bwino. Fani imaziziritsa redieta, ndipo kachitseko kakatsekeka madzi a mu redieta safika mu injini. Mukapeza fani yolakwika musaimire pomwepo.

Zonse zikaloza ku thermostat, imasuleni injini ili yozizira, mutakhetsera madzi m'beseni. Madzi okhala ndi coolant, mankhwala othira mu redieta, ndi poizoni ndipo amatsekemera, ana ndi ziweto asawafikire. Nthawi zambiri mlandu umatha mukangoigwira m'manja. Ikwezeni moyang'anitsa kowala. Ikakhala yozizira kachitseko kayenera kukhala kotsekeka kotheratu, ndipo mukaona kuwala kukudutsa m'mphepete, ngakhale kampata kongolowa chikhadabo, yatha. Kawirikawiri ndimapeza labala wa pa kachitseko atafufuma n'kung'ambika, kachidutswa kake katapanikizika pakati. Nthawi zina kamwendo kogwira sipuling'i kamakhala katathyoka, nthawi zina kachibulumwa ka dzimbiri katatsamira potsekera. Nthawi zinanso mumachotsa chivundikiro n'kupeza dzenje lokhalokha.

Ikaoneka yotsekeka bwino, iyeseni m'poto. Imangeni ndi kawaya kuti ilendewere m'madzi osakhudza pansi, ikanimo choyezera kutentha chofika madigiri 100, tenthetsani pang'onopang'ono mukuyang'ana. Ya 82 iyenera kuyamba kuyasamula pakati pa 80 ndi 84, ndipo madzi akamayandikira kuwira ikhale itatseguka pafupifupi sentimita imodzi. Yofooka mumaiona ikuyamba kale pa 60 kapena 65. Kenako phulani poto, muone ngati ikubwerera mpaka kutsekeratu madzi akamazizira. Koma poto sanena zonse. Sipuling'i yotopa imatha kuoneka bwino m'madzi odekha, koma mu injini, pampu ikamakankha mwamphamvu pa liwiro, kachitseko kamagonja n'kutseguka nthawi isanakwane. Choncho ngati ndi yakale, ndipo dzanja ndi makina zagwirizana kuti injini ndi yozizira, ine sindiibwezeranso ngakhale itakhoza m'poto.

Mwina mumtima mukuti, nanga ndikangoisiya chimawonongeka n'chiyani, poti galimoto ikuyenda? Choyamba mwachiona kale, mafuta. Petulo sasanduka nthunzi bwino pa chitsulo chozizira, ndiye kompyuta ikaona madzi ozizira imawonjezera petulo, monga inkachitira choko (choke), yowonjezera petulo poliza injini yozizira, pa magalimoto akale. Zimenezo anazikonzera mphindi zochepa za m'mawa, osati ulendo wonse. Petulo wotsalira amatsuka oyilo pa makoma a silinda, malo amene pisitoni ndi ma ring ake zimadalira oyiloyo kuti zisakhulane ndi chitsulo. Wina amatsikira pansi n'kukasungunula oyilo. Mukasolola kandodo koyezera oyilo n'kumva fungo la petulo, ndi zimenezo.

Chachiwiri ndi madzi. Petulo akamapsa amatulutsa nthunzi, pafupifupi lita imodzi ya madzi pa lita iliyonse ya petulo. Yambiri imatulukira ku ekizozi, koma ina imadutsa m'mbali mwa pisitoni n'kulowa kumene kuli oyilo. Oyilo akatentha mokwanira madziwo amauluka n'kuchoka. Akapanda kutentha amakhalira momwemo, amasakanikirana ndi mwaye, n'kupanga matope amene amatseka tinjira ta oyilo. Tsegulani chitsekerero cha oyilo muyang'ane kunsi kwake. Mukapeza zoterera zoyera kapena zachikasu, musafulumire kunena kuti gasiketi ya hedi yapsa. Injini yosatentha imapanganso zomwezo, ndipo ndaonapo anthu akumasulitsa hedi pachabe.

Palinso nkhani ya zitsulo zenizenizo. Pisitoni ndi ya aluminiyamu, imafufuma ikatentha, ndipo mipata ya m'kati mwa injini anaiyeza kuti ikhale yoyenera injini ili pa mulingo wake. Kuperepeseka kwambiri kwa injini kumachitika isanatenthe, ndipo yanuyo ikukhala m'nthawi imeneyo tsiku lonse. Mapulagi amada, catalytic converter, imene imayeretsa utsi mu ekizozi, imavutika ndi petulo wosapsa. Ngati galimoto yanu ndi ya otomatiki, magalimoto ambiri otere salola giya yomaliza kapena kugwirana kotheratu kwa torque converter, yolumikiza injini ndi giyabokosi, mpaka madzi atatentha, ndiye mumaona injini ikulira pamwamba kuposa kale pa liwiro lomwelo. Kwa a magalimoto a dizilo okhala ndi sefa ya mwaye ya DPF vuto limakula, chifukwa kompyuta siyamba kuwotcha mwayewo injini ili yozizira, sefa n'kutsekeka. Koma dizilo mwachibadwa imachedwa kutentha, makamaka ikamalira chiimire, ndipo ina ili ndi thermostat yachiwiri yaing'ono ku choziziritsira oyilo kapena utsi wobwezeredwa mu injini (EGR), choncho ya dizilo iyesedwe ikuyenda.

Ena amati thermostat ndi ya kumayiko ozizira, kotentha ilibe ntchito. Tsiku lotentha kwambiri mpweya umafika madigiri 40 kapena kuposerapo pang'ono, pomwe injini ikufuna cha pa 90. Mpweya wa 40 ndi wozizira kwambiri kwa injini. Ndipo thermostat yabwino siwiritsa injini, chifukwa kutentha kukakwera imatsegukiratu n'kupereka njira yonse. Pa injini zambiri ili ndi kambale kachiwiri kunsi kwake, kamene ikatseguka kamatseka njira yachidule yobwezera madzi mu injini, kuti onse akakamizike kudutsa mu redieta. Mukaichotsa njira yachiduleyo imatsala yotsegula, madzi ena amazemba redieta, ndipo injini yomweyo imene imazizira pa mtsetse imatha kuwira pa chikweza itasenza katundu.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, bambo. Ngati anachotsa thermostat kuti injini isiye kuwira, chimene chinaiwiritsa chikhoza kukhala chikadalipo, changobisika. Zikhoza kutheka kuti yakaleyo inakanirira ili yotseka, ndipo mukaika yatsopano nkhani yatha. Koma zikhozanso kutheka kuti redieta ndi yotsekeka m'kati, chitsekerero chake chinafooka, fani siyaka pa nthawi yake, mapiko a pampu ya madzi anadyeka, kapena gasiketi ya hedi yayamba kudutsitsa mpweya. Mukaika thermostat n'kuona singano ikupitirira pakati, musalole kuti aichotsenso. Yendetsani dzanja pa redieta injini itazimitsidwa, mukusamala fani, mumve ngati pali malo ozizira pakati pa otentha. Chitsekerero chili ndi nambala yake, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, ndipo chikasiya kusunga mphamvu imeneyo madzi amawira msanga. Thovu losatha m'khosi mwa redieta, mapayipi olimba gwa injini itangolira kumene, ndi madzi omatha popanda podontha, zimenezo zimaloza ku gasiketi.

Pogula yatsopano tengani ya nambala imene opanga galimoto analemba, pamodzi ndi labala kapena gasiketi yatsopano. Mbali ya sipuling'i iyang'ane ku injini. Ngati pa chimango pali kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera, kakhale cha kumwamba, ndi kotulutsira mpweya. Mabawuti ake amalowa mu aluminiyamu, ndipo zivundikiro zambiri masiku ano ndi za pulasitiki, mangani mofatsa ndi mosinthanasinthana. Pa magalimoto ena atsopano thermostat imabwera yomatidwa ndi chivundikiro chake, ili ndi pulagi ya magetsi yoti kompyuta iziitsegula msanga ikafuna, ndipo vuto la mbali imeneyo limaoneka ndi ma code P0597 mpaka P0599. Thirani coolant wa mtundu woyenera galimoto yanu. Ngati ndi wosasungunula, kawirikawiri amasakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera. Madzi okha amadyetsa dzimbiri, ndipo dzimbiri lomwelo ndi limene limakaniriritsa thermostat.

Mukathira, tulutsani mpweya. Ikani hita pa kutentha kotheratu, lizani injini, finyani mapayipi pang'onopang'ono, muziwonjezera madzi akamatsika, ndipo ngati pali kabawuti kotulutsira mpweya katseguleni mpaka madzi atuluke opanda thovu. Mpweya wotsalira umatha kukhala pa sensa n'kuyambitsanso singano yonama ija. Dikirani mpaka fani iyake n'kuzima yokha, zimitsani, ndipo m'mawa mwake onaninso madzi. Poti mwayenda miyezi itatu injini ili yozizira, sinthaninso oyilo ndi sefa yake ngakhale nthawi yake isanakwane.

Kenako kayeseni pa mtsetse womwe uja. Singano iyenera kufika pakati m'makilomita ochepa oyambirira n'kukhala pomwepo, potsika ndi pokwera pomwe, ndipo hita iyenera kuwotcha dzanja. Sabata yoyamba muziiponyera diso pafupipafupi, makamaka pa chikweza ndi pa mdipiti, kumene vuto lakale lija lingaonekere. Ikapitirira pakati n'kumakwerabe, imani pambali muzimitse, musayese kukafika. Ikamatsikabe ngati kale, musagule thermostat ina musanalumikizenso makina n'kuona nambala imene kompyuta ikuwerenga pa mtsetsepo.